Kujambula munthu wamoyo ndi penti wa mafuta kuno ku Chigwa cha Shire: mavuto amene akubwerabwera ndi mmene mungawathetsere

Ndalemba izi chifukwa mavuto ake ndi omwewomwewo basi. Wachinyamata wa ku Nchalo abwera ndi chithunzi, wina wa ku Bangula, wina wa ku Ngabu, onse luso lilipo ndithu dzanja likuyenda bwino, koma khungu latuwa, penti sakuuma mpaka sabata yachitatu, mutu wakula kuposa thupi, ndiye funso limakhala limodzi loti kodi ndalakwitsa pati. Ambiri tinaphunzirira pa mabuku ndi mavidiyo a pa YouTube opangidwa ku Ulaya ndi ku America, komwe kumazizira, zenera lawo ndi lina, khungu la anthu amene amawajambula kwambiri ndi lina, nde ukazitenga mmene ziliri n'kubwera nazo kuno kumene mu October ndi November kutentha kumapyola madigiri 40, zina zimagwira zina zimakaniratu. Pezani chizindikiro chimene chikufanana ndi vuto lanu, yambani ndi chifukwa choyamba chifukwa ndicho chimachitika kawirikawiri, mukaona kuti sichimenecho mutsikire pachiwiri.

Khungu likutuluka lotuwa

Ili ndiye vuto lalikulu ndipo limandipweteka mtima, chifukwa munthu wakhala maola atatu pampando, khungu lake lokongola lowala bwino, koma pa chinsalu akuoneka ngati munthu amene wasamba osadzola nthawi ya mwera.

1. Mukuwalitsa ndi woyera yekha. Penti woyera wa titanium white ndi wamphamvu zedi ndipo amaziziritsa mtundu uliwonse umene wamugwera, kutanthauza kuti amauchotsa kufiira n'kuutuwitsa, mukamuthira mu bulauni wakuda wa burnt umber mumapeza phulusa osati khungu. Yesani motere: phimbani ndi chala malo owala a pachipumi ndi pamasaya, ngati chithunzi chatsitsimuka pompo ndiye kuti vuto ndi limeneli. Kukonza kwake, kwezani mtundu ndi yellow ochre, burnt sienna kapena kadontho ka cadmium red kapena orange, woyerayo abwere kumapeto kwenikweni komanso pang'ono, pansonga ya mphuno, pamlomo wammunsi, m'diso.

2. Mukudetsa ndi wakuda yekha. Ivory black akalowa mu mthunzi wa khungu amaupha, mthunzi umaoneka ngati dzenje. Sakanizani burnt umber ndi ultramarine blue, mukapendekera ku umber mthunzi ukutentha, mukapendekera ku blue ukuzizira, ndipo mutha kuwonjezera alizarin crimson pamene magazi ali pafupi monga m'khutu, m'mphepete mwa mphuno ndi pakati pa zala.

3. Mukuganiza kuti munthu wakuda ndi bulauni mmodzi kuchokera kumutu mpaka kuphazi. Tayang'anani bwinobwino achimwene amene akhala pakhondepo. Pachipumi ndi pamapewa pamene payang'ana kumwamba pali kabuluu kapena kapepo, ndi thambo limenelo likuwalira pakhungu makamaka ngati pali thukuta. Pansi pa chibwano ndi kunsi kwa mkono pali kufiira kochokera pa dothi kapena pa mphasa. Ngati avala chitenje chobiriwira khosi litenga kubiriwirako. Zikhatho ndi mapazi ndi zoyererako. Khungu lakuda limabweza kuwala kwa zinthu zozungulira moonekera kwambiri, ndiye ntchito yanu yaikulu ili pamenepo, pa kutentha ndi kuzizira kwa mitundu, ndipo amene wazigwira izi chithunzi chake chimapuma olo atagwiritsa ntchito machubu asanu okha.

4. Mwayambira pa chinsalu choyera mbee. Pa choyera mtundu uliwonse umaoneka wakuda kuposa mmene ulili, nde inu mumangothirathira woyera kuti mupepuze, pomaliza zonse zatuwa. Pakani kaye chinsalu chonse ndi burnt sienna kapena raw umber wosungunula pang'ono, pukutani ndi nsanza asiye utoto wopyapyala, aume, kenako yambani.

Pali mndandanda wa mitundu inayi umene anthu amautchula dzina la Anders Zorn wa ku Sweden, woyera, yellow ochre, wofiira ndi ivory black, ndipo ambiri amauyamikira pophunzira. Ndi wabwino pophunzira kusakaniza, koma kwa anthu athu ine ndimati onjezani burnt sienna, burnt umber ndi ultramarine, apo ayi muzivutika pachabe.

Mitundu yasanduka matope

1. Burashi imodzi ikugwira ntchito yonse, kuwala ndi mthunzi womwe. Khalani ndi ziwiri kapena zitatu, ya mthunzi payokha, ndipo muzipukuta pa nsanza musanatape mtundu wina.
2. Mukusisita kwambiri. Ikani penti pamalo pake mumusiye, kusalaza kuzichitika m'malire mokha pamene kuwala kukukumana ndi mthunzi.
3. Mitundu yachuluka mu msakanizo umodzi. Ikapyola itatu kuphatikiza woyera kayikirani.
4. Mankhwala otsukira burashi, otchedwa tapentaini, ada bii ndipo mukuwagwiritsanso ntchito posungunula penti. Mabotolo akhale awiri.

Pamene pawonongeka kale musapake pamwamba, palani ndi mpeni wa paleti (kathabwa kosakanizirapo penti) mpaka chinsalu chioneke, pukutani, yambaninso. Penti wa mafuta amalola zimenezi akadali wofewa, musamuope.

Mutu waukulu, miyendo yaifupi, manja ngati a mwana

1. Mwayambira pa nkhope. Pafupifupi aliyense amatero chifukwa nkhope ndi imene imakoka mtima, umayamba diso, mphuno, pofika pa mawondo chinsalu chatha ndiye umayamba kufinya miyendo kuti ikwane. Musanagwire diso lembani kachizindikiro pamwamba pa mutu ndi pansi pa phazi, kenako pakati. Pa munthu wamkulu woima chilili, pakati pa thupi ndi pamene miyendo yayambira, osati pamchombo ayi. Thupi lonse limakwana mitu 7 kapena 7 ndi theka. Chigongono chimagwa cha m'chiuno, nsonga za zala zimafika pakati pa ntchafu, maso ali pakati penipeni pa mutu kuchokera pa liwombo kufika pachibwano, ndipo dzanja lotambasula limatsala pang'ono kuphimba nkhope yonse. Awa ndi manambala oyambira chabe, munthu amene ali patsogolo panu ndi amene ali ndi mawu omaliza, ena ndi a miyendo yaitali ena ayi.

2. Mukuyeza ndi mkono wopinda. Poyeza ndi burashi mkono uwongoke mpaka kumapeto nthawi zonse, diso limodzi lotseka lomwelomwelo, mapazi anu pamalo amodzi. Lembani pansi ndi choko pamene mwaima inuyo, osati pa wojambulidwa pokha.

3. Mwayandikira kwambiri. Zipinda zathu ndi zazing'ono ndikudziwa, koma mukaima mita imodzi kuchokera kwa munthu mumayang'ana mutu molunjika kenako mapazi mowerama, zonse zimapotoka. Kuti mujambule thupi lonse talikirani mamita atatu kapena kuposa, ngati chipinda chikukana tulukani pakhonde kapena jambulani kuyambira m'chiuno kupita mmwamba.

4. Chiwalo chaloza kwa inu. Munthu akakhala pampando kukuyang'anani ntchafu imaoneka yaifupi zedi, bondo lalikulu, ubongo wanu umakana n'kumati ntchafu ndi yaitali, dzanja n'kumvera ubongo. Apa yezani basi, yerekezani ndi kutalika kwa mutu, ndipo yang'anani mpata umene uli pakati pa mkono ndi thupi kapena pakati pa miyendo ya mpando, mipata imeneyo sinama.

Ngati munthu woima akuoneka ngati akugwa, mangani kamwala ku ulusi mulendeweretse patsogolo panu. Akaimira mwendo umodzi, kadzenje ka pakhosi kamakhala pamwamba pa kakolo wa mwendo umene wanyamula thupiwo. Njira ina yachangu, yang'anani chithunzi chanu pagalasi kapena chijambuleni pafoni muchitembenuze, zolakwika zimalumpha zokha.

Wojambulidwa sakukhazikika, kaimidwe kakusintha

1. Kaimidwe kamene mwawapatsa n'kovuta. Mkono mmwamba, khosi lopotoka, kunyamula ndowa pamutu, zimaoneka bwino mphindi zisanu zoyamba zokha. Mtundu umenewu ujambuleni mwachangu ndi makala, wa penti wa mafuta ukhale woti munthu angakhale nawo, pampando wa ndalema, pamphasa atatsamira khoma, manja pamiyendo.
2. Simukuwapumitsa. Mphindi 20 kapena 25 kenako mphindi 5 zopuma, ikani alamu pafoni chifukwa inuyo mukalowa mu ntchito mumaiwala. Kukatentha chepetsani kufika 15. Agogo kapena amayi aulemu sanganene kuti ndatopa, angopirira mwendo utachita dzanzi, ndiye ndi udindo wanu kunena kuti agogo tapumulani kaye, tawongolani miyendo.
3. Simunalembe malo. Choko kapena tepi pa mapazi, pa miyendo ya mpando, pamene dzanja lagona, komanso apatseni chinthu choyang'ana monga msomali wa pakhoma kuti mutu uzibwerera pomwepo.
4. Thupi limatsika lokha pakapita nthawi, mapewa amagwa, msana umapinda. Musathamangire kulemba mizere yomaliza mu mphindi zoyamba, dikirani munthu akhazikike, kaimidwe ka pambuyo pa mphindi 10 ndiye kake kenikeni ndipo nthawi zambiri n'kokongola kuposa koyamba kaja kouma.

Chitenje nacho makwinya ake sabwerera pamene anali munthu akadzuka, ndiye sankhani makwinya akuluakulu atatu kapena anayi muwagwire nthawi imodzi, musawathamangitse gawo lililonse.

SIYANI POMWEPO ngati wojambulidwa wanena chizungulire, akutuluka thukuta lozizira, maso akuchita mdima kapena wayamba kudzandira. Kuima nthawi yaitali mawondo atawuma, m'nyumba ya malata, masana a kuno, munthu amakomoka ndithu. Mugonekeni pamthunzi, kwezani miyendo, masulani zothina, mupizeni mphepo. Akatsitsimuka mupatseni madzi pang'onopang'ono kapena Thanzi, koma musamuthire madzi mkamwa asanatsitsimuke. Ngati sakudzuka msanga, akulankhula zosokonekera, thupi latentha kwambiri, wagunda mutu pogwa, kapena ndi mayi woyembekezera, wa shuga kapena wa BP, thamangani naye kuchipatala chimene chili pafupi, kaya ndi cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, St Montfort ku Nchalo, Trinity ku Muona, osadikira kuti tione kaye. Nthawi yotentha ntchito iyambe mmamawa ithe isanakwane 10 koloko.

Mthunzi ukusamuka, nkhope yasanduka yafulati

1. Mukujambula pa dzuwa kapena pansi pa mtengo. Dzuwa likuyenda, mthunzi wa mphuno umene unali kumanzere 8 koloko pofika 11 uli pansi, inu mukuutsatira, pomaliza nkhope ilibe mbali yowala kapena yamdima. Pansi pa mtengo wa mango ndi pozizira bwino koma timadontho ta dzuwa todutsa m'masamba timasokoneza kwambiri. Khonde ndi labwino, kuwala kulowe mbali imodzi.
2. Mwatsatira buku loti zenera liyang'ane kumpoto. Uphungu umenewo ndi wa anthu a ku Ulaya. Ife tili kummwera kwa equator, miyezi yambiri dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye zenera la kuwala kokhazikika kuno ndi loyang'ana kummwera. Kuyambira mu November mpaka kumayambiriro a February dzuwa limadutsa pamutu penipeni ndi kupendekera pang'ono kummwera, koma ngati denga lili ndi mlomo wotuluka bwino silivuta. Mazenera a kummawa ndi kumadzulo ndiwo oipa.
3. Kuwala kukuchokera mbali ziwiri, zenera uku chitseko uko, kapena babu layaka pamodzi ndi kuwala kwa masana. Tsekani chimodzi ndi bulangete.
4. Mwasintha nthawi, dzulo mmawa lero madzulo. Bwererani ola lomwelo.

Mu theka la ola loyamba lembani mawonekedwe a mthunzi wonse ndi umber wopyapyala ndipo muumirire pamenepo olo kuwala kusinthe. Foni ikuthandizeni kukumbukira malire a mthunziwo, koma mitundu musatengere pafoni, kamera imawalitsa kapena kudetsa khungu lakuda mmene yafunira.

Penti sakuuma, akumata masiku ambirimbiri

Penti wa mafuta sauma ngati madzi amene amauluka, mafuta a linseed amene ali mu pentiyo amagwirana ndi mpweya n'kulimba pang'onopang'ono, ndiye wopyapyala amatenga masiku awiri mpaka sabata ndi theka kuti aleke kumata chala. Ngati zapyola apo:

1. Mwathiramo mafuta olakwika. Mafuta ophikira, a mtedza, a galimoto, glycerine, parafini, zonsezi ndamva anthu akuyesa chifukwa linseed ndi wovuta kupeza kuno mpaka ukwere Thabwa kupita ku Blantyre. Mafuta amenewa sauma bwino kapena saumiratu. Palibe mankhwala apa, palani zonse muyambirenso, ndipo ngati mulibe linseed pakani penti mmene watulukira mu chubu, ali kale ndi mafuta okwanira.
2. Mwapaka wokhuthala kwambiri, kunja kwauma mkati mukadali phala. Dinani pang'ono ndi chikhadabo m'mphepete, ngati pakubonyoka dikirani basi.
3. Ndi mtundu wake. Umber amauma tsiku limodzi kapena awiri, koma ivory black, alizarin crimson ndi ma cadmium amachedwa, titanium white nayenso sathamanga. Tsitsi lopakidwa ndi wakuda yekha ndi limene limatsalira nthawi zonse, sakanizanimo umber.
4. Chinyezi ndi mdima. Nthawi ya dzinja makamaka kufupi ndi Shire kapena madambo a Elephant Marsh, chithunzi chotsekeredwa m'chipinda chopanda mphepo chimachedwa. Chiikeni powala podutsa mphepo koma osati padzuwa.

Amene angapeze Liquin ya Winsor & Newton, imene amaisakaniza mu penti, imafulumizitsa kuuma, wopyapyala amauma pofika mawa. Linseed wa mu hardware wolembedwa kuti boiled ndi wa matabwa, amauma msanga inde koma amadetsa chithunzi ndi kuchikwinyitsa.

Vuto lotembenuza, penti kuchita chikhungu pa paleti msanga chifukwa cha kutentha, ndi laling'ono: finyani wochepa, paleti ikhale pamthunzi, madzulo muivundikire ndi chotengera chotseka bwino.

Malo ena akuwala, ena aphwa ngati choko

Dzulo mthunzi unali wakuya wokongola, lero wauma watuwa ndipo simungathenso kuyerekeza mitundu. Mafuta amwedwa ndi zimene zili pansi.

1. Chinsalu sichinakonzedwe mokwanira. Ambiri timapaka PVA wa makoma kamodzi pa nsalu ya kaliko n'kuyamba, koma ameneyu amamwa mafuta kwambiri. Tembenuzani chinsalu, mukaona madontho a mafuta kumbuyo ndiye kuti adutsa, ndipo pakapita zaka mafutawo amafumbwitsa nsalu. Kupaka acrylic gesso, penti woyera wokonzera chinsalu, kawiri kapena katatu, kuuma bwino pakati pake, ndiye njira yodalirika, pa hardboard chimodzimodzi ndipo mupake mbali zonse kuti isapindike.
2. Tapentaini wachuluka, wasungunula mafuta amene amagwira utoto. Mukapukuta ndi chala utoto n'kutsalira pachala, ndi zimenezo.
3. Umber ndi mitundu ina ya dothi imachita zimenezi mwachibadwa, ndipo ife timaigwiritsa ntchito kwambiri pa khungu nde timakumana nazo kuposa ena.

Penti akauma, tapani kadontho ka linseed pa nsalu yoyera yosathothoka, sisitani pamalo pokhapo pamene mukufuna kupakanso, pukutani mpaka patsale kunyezimira pang'ono chabe. Musanyowetse chithunzi chonse ndi mafuta, chidzachita chikasu ndi kumata. Vanishi ndi amene adzalinganize zonse, koma ameneyo amadikira miyezi 6 kapena kuposa, mpaka chaka ngati penti ndi wokhuthala, ndipo akhale wa zithunzi osati wa mipando. Kasitomala akamafulumira muuzeni zoona kuti atenge chithunzi adzabwere nacho nthawi ikakwana.

Ming'alu, makwinya, penti kusupuka

1. Wouma msanga wapakidwa pamwamba pa wochedwa kuuma. Lamulo lake n'lakuti zoyamba zikhale zopyapyala za mafuta ochepa, zapamwamba mafuta aziwonjezekera pang'ono. Mukatembenuza, chapamwamba chimalimba chapansi chikuyendabe, chimang'aluka.
2. Mwayanika padzuwa kapena pafupi ndi malata kuti chiume msanga. Khungu la pamwamba limauma n'kukwinyika.
3. Mwasakaniza ndi penti wa gloss wa zitseko, kapena mwapaka acrylic pamwamba pa wa mafuta. Wa mafuta pamwamba pa acrylic wouma zimatheka, kutembenuza ayi, amasupuka.
4. Mwapinda chinsalu ponyamula pa kabaza kapena mu minibasi. Ngati n'kofunika kukulunga, chiume kaye bwinobwino, mukulunge pa paipi yonenepa penti ali kunja.
5. Zinc white wochuluka m'magawo apansi, akauma amasweka mosavuta.

Makwinya a chithunzi chanu chatsopano mutha kuwapala n'kupakanso. Ming'alu ya chithunzi chakale musaidzaze ndi penti.

Fumbi, tizilombo ndi chuku

Kamvuluvulu mmodzi wa mu September akwanira kuwononga ntchito ya sabata yonse. Chithunzi chonyowa chiziyang'ana kukhoma chitatsamira, pamwamba pokha pagunde, kapena chiphimbeni ndi neti yakale ya udzudzu yosakhudza penti. Wazani madzi pansi musanayambe, musasese chithunzi chili poyera. Mvula yoyamba ngumbi zimathamangira nyali, ndiye usiku chithunzi chisakhale pafupi ndi babu. Kachilombo kakamatirira kachotseni ndi nsonga ya singano, kapena dikirani penti aume kagwe kokha, osafikisa ndi chala. Mafelemu akhale pamwamba osagunda pansi kapena khoma la dothi chifukwa cha chiswe.

Chuku chimayambira kumbuyo kwa chinsalu nthawi ya chinyezi, makamaka mukakulunga mu pulasitiki. Chikakhala chochepa, tulutsani chithunzi pamthunzi podutsa mphepo chiume, kenako sasani kumbuyo ndi burashi yofewa mutavala chophimba pakamwa.

SIYANI, FUNSANI AKATSWIRI ngati chithunzi ndi chakale, cha tchalitchi, cha amfumu kapena cha malemu m'banja, kapena chinamizidwa ndi madzi osefukira monga tinaonera ndi namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Musachitsuke ndi sopo, musachipukute matope penti akusupuka, musachiyanike padzuwa, musachipake vanishi kapena mafuta kuti chiwale. Chigonekeni chagada pamthunzi chiume pang'onopang'ono, tizidutswa tothothoka musunge mu envulopu, chijambuleni pafoni, kenako funsani ku Museum ya ku Chichiri ku Blantyre kapena kwa aphunzitsi a zaluso ku University of Malawi ku Zomba akulozereni woyenera. Luso lojambula ndi luso lokonza chithunzi chakale ndi ntchito ziwiri zosiyana, chimene mungawononge apa sichibwerera.

Mutu ukuwawa, maso akuyabwa, wojambulidwa akutsokomola

1. Tapentaini kapena white spirit ali pambalambanda m'chipinda chotseka, ndipo kutentha kwa kuno kumamuulutsa msanga. Tsekani botolo nthawi zonse, tsegulani mazenera, thirani wochepa.
2. Mukugwiritsa ntchito thinazi wa magalimoto kapena petulo. Lekani lero lomwe, ndi zoopsa ku mapapo komanso moto. Burashi mutha kuipukuta pa nsanza n'kuitsuka ndi sopo wa mtanda ndi madzi, imayera bwinobwino.
3. Mukudya kapena kusuta manja ali ndi penti, kapena kuluma burashi. Mitundu ina ili ndi cadmium, cobalt kapena mtovu. Sambani m'manja ndi sopo osati ndi tapentaini.

Chizungulire, nseru kapena kubanika, tulukani panja nonse, zikapitirira pitani kuchipatala. Chonde anzanga musasunge tapentaini kapena parafini mu botolo la zakumwa, kuno ana amakhala ndi ludzu nthawi zonse ndipo amangotola n'kumwa. Zikachitika musamusanzitse mwanayo, mankhwalawo akalowa m'mapapo ndiye zimafika poipa, thamangani naye kuchipatala mutatenga botololo. Nsanza zonyowa ndi linseed musaziunjike pakona, zimatentha zokha mpaka kuyaka moto, ziyanikeni panja motambasula kapena ziviikeni mu chitini cha madzi.

Wojambulidwa wasiya kubwera, kapena m'mudzi mwayamba nkhani

1. Simunagwirizane za malipiro ndi masiku. Munthu wasiya dimba, wasiya ukonde kapena geni yake kumsika kuti akhale pampando wanu, imeneyo ndi ntchito. Nenani poyamba ndi masiku angati, maola angati, ndalama zingati, ndipo mulipire tsiku lililonse akamanyamuka.
2. A kunyumba kwake sanauzidwe. Mayi wapabanja akamalowa m'chipinda cha mwamuna wina mmawa uliwonse, olo mukhale oyera mtima bwanji, anthu alankhula ndipo amene avulale ndi iyeyo. Kambani ndi amuna awo kapena akuluakulu a pakhomo, jambulirani pakhonde poonekera, abwere ndi mchemwali wawo kapena mnzawo. Ngati ndinu mlendo m'mudzimo yambirani kwa a nyakwawa mufotokoze.
3. Akuopa kumene chithunzi chikupita. Ena amaopa kuti chikagwiritsidwa ntchito pa zamankhwala, ena kuti chikagulitsidwa kwa azungu iwo osapeza kanthu, ena sakufuna nkhope yawo pa Facebook. Musawaseke, auzeni zoona, aonetseni chithunzi pa nthawi yopuma iliyonse, ndipo kuika pa intaneti mupemphe chilolezo chapadera.
4. Mwawapempha kuvula. M'masukulu a zaluso akunja kujambula munthu wosavala ndi phunziro wamba, kuno pempho limenelo lingakuthereni mbiri ndi kumuika mnzanu pamavuto. Thupi mutha kuliphunzira bwino lomwe pa achimwene ovala kabudula, msodzi wopalasa bwato, anyamata a mpira, mayi womanga chitenje pachifuwa mapewa ndi mikono zili poyera, mafupa a pakhosi, msana, mawondo, zonse zofunika zikuoneka. Musamugwire munthu pomukonza kaimidwe, muonetseni ndi thupi lanu kapena pemphani kaye.

Aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana pamalamulo a dziko lino, ameneyo mumujambule atavala, makolo atavomera ndipo mmodzi wa iwo ali pompo. Wojambulidwa akanena kuti basi sindikufunanso, kaya chithunzi chili pakati, mulipireni masiku amene wakhala ndipo mufunseni ngati akulola kuti muchimalize ndi kuchisunga kapena muchifute.